Lubani wa Lachisanu

Guled Hirsi anaphika m'chombo chotchedwa Sahan zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo khitchini yake inali bokosi la matabwa lodzaza mchenga, mbaula ili pakati. Chombocho chinkanyamula mbuzi kuchokera ku Berbera kupita ku Aden. Mafunde akakula, makala ankathethekera m'miyendo mwake mpaka akakolo anachita mawangamawanga ndi zipsera. Utsi unamufiiritsa maso, mphuno n'kuzipheratu. Nsomba yowola ndi tiyi wa zonunkhira kwa iye zinali chimodzimodzi. Izi sanauzepo munthu, chifukwa wophika wosamva fungo angamusunge ndani?

Guled ndiye amene anaumirira zogula chitofu cha gasi. Anawatopetsa a Samatar, eni chombo amenenso ankachiyendetsa, mpaka tsiku lina iwo anati, "Pita ukagule, mwina makutu angawa angapumeko."

Wogulitsa chitofucho anamuchenjeza. "Amalume, utsi umakwera m'mwamba, koma gasi amatsika ngati madzi. Akatayika amakakhala pansi penipeni." Guled anangogwedeza mutu, maso ali pa chitofu chonyezimira. Pochilumikiza, payipi inalowa mokhwepa. Kubwerera kukafunsa kunamuchititsa manyazi, choncho anaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Botolo la gasi analimangirira pafupi ndi chibowo chotsikira kumbuzi, poti mpamene panali mthunzi.

Tiyi anayamba kupsa msanga, mpunga osamveka utsi, ndipo Guled anayamba kuyenda monyang'wa. Makala anangosungako kathumba kamodzi ka ntchito ya Lachisanu. M'mawa wa tsikulo a Samatar ankafukiza lubani m'kambiya kadothi ka malemu bambo awo, amene anakhoma chombocho. Ankayambira kutsogolo, kupita kumbuyo, n'kutsirizira pansi kumbuzi. Chiyambireni sanadumphepo Lachisanu ngakhale limodzi.

Pa ulendo wachitatu, Guled ananyamula botolo lija n'kupeza kuti lapepuka. Linayenera kutha mwezi, koma anali masiku asanu ndi anayi okha. Analibwezera pamalo pake osauza munthu.

Lachisanu kunacha bata, kopanda ndi kamphepo komwe. Bile, wosamala injini, anatuluka pansi atagwira mutu. "Amalume, dzulo munatidyetsa chiyani? Pansipo pakununkha ngati mazira owola, mutu wanga ukuchita kung'ambika."

"Ndi abale akowo, mbuzizo," anatero mnzake wina, onse n'kuseka.

Guled sanaseke. Anakoka mpweya ndi mphuno zake zakufazo, osamva kanthu. Koma makutu anali nawo. Mbuzi mazana awiri zimalira m'mawa ngati msika, ndipo tsikulo pansipo panali zii. Anathira thovu la sopo pa mphira uja. Thovulo linatupa, n'kuphulika, n'kutupanso.

Makala anali atayaka kale m'kambiya, ofiira psuu. A Samatar ankabwera atavala mkanjo woyera, lubani ali m'manja, milomo ikung'ung'udza pemphero. Guled anachita mantha ngati sanachitepo panyanja. Akanena, ndiye kuti waulula mphira ndi mphuno zomwe. Akapanda kunena, makalawo atsika makwerero.

"Bwera nako kuno," anatero a Samatar.

Guled anakanyamula, kakumuwotcha zala, n'kukaponya m'nyanja. Kanangolira kamodzi m'madzi, n'kumira.

"Wapenga kodi? Mbiya ya bambo anga!"

"Bwana, zimitsani injini. Munthu asayatse ndudu. Gasi yense watsikira kumbuzi, ndipo wolakwa ndine. Fungo sindimva, zaka zatha."

Anatseka botolo, n'kuzula matabwa ovundikira kumbuzi kuti mphepo ilowe. Tsiku lonse anthu anakupiza mphepo ndi masaka, akuyenda monyang'ama, chitsulo osachigunditsa chinzake. Mbuzi zina zinadzuka zikudzandira. Khumi ndi imodzi sizinadzukenso.

Atabwerera ku Berbera, a Samatar anamutsitsa ndi kachikwama kake. Za mbuzi sanatchule. Anangoti, "Zaka zonsezi ukutidyetsa zimene iwe sukuzimva fungo?" Wothokoza panalibe, kupatula Bile, amene anamugwira dzanja mobisa.

Lero Guled amagulitsa tiyi padoko, pa mbaula ya makala. Chitofu chija chikadali m'Sahan. A Samatar anagula kambiya kena, n'kulemba wophika wina wa mphuno zakuthwa, amene amati m'chombo cha mbuzi chilichonse chimanunkha. Guled anatuma Bile kukawauza kuti payipi ija imafuna chomangira chachitsulo, ndipo botolo lichoke pa chibowo. Yankho linabwera loti asadandaule, akulungaponso mphira wina pamwamba.

N'chifukwa chake Lachisanu m'mawa, Sahan ikakhala panyanja, tiyi wa Guled amasefukira pamoto iye osaona. Makasitomala amamuseka kuti nkhalamba yayamba kulota masana. Iye amangoyang'ana kumene nyanja yathera, kuona ngati kukutuluka utsi.