Oyilo wa ba Mulenga ndi difu yanga

Ndinayamba kudandaula Lolemba lapitalo, lisiti lili m'manja, pa shopu ya ba Mulenga ku Matero. Ndinawauza pamaso pa makasitomala kuti oyilo wawo ndi madzi a m'ngalande, chifukwa chithirireni ndekha mu difu yozungulitsa mawilo akumbuyo, galimoto yanga inkalira ngati chigayo.

"Mdala, munamanga bwino pansi?" anafunsa.

Wogulitsa mabotolo kundiphunzitsa ine! Ndinawatcha mbala.

Loweruka mkazi wanga akuchapa anatulutsa kawasha m'thumba la ovolosi yanga. "Aka ni kachani?"

Kanali ka bawuti yapansi pa difu, kamene ndinaiwala kubwezera pomanga. Oyilo yense anali atadonthera mumsewu. Ndinayankha kuti ndi ka wailesi.

Ba Mulenga, ndikupempha yankho lolembedwa: kodi ndibwere kudzagula botolo lina, kapena ndipite ku Chawama kumene sandidziwa?