Lolemba lomwe achimwene anagwiranso choko

Achimwene anga, a Gideon Manda, anali mphunzitsi wa Chilatini. Ee, Chilatini chenichenicho, chiyankhulo choti mumsika wa Mzuzu muno sungagule nacho ndi tomato yemwe. Koma iwo ankachikonda chomene, ana a sukulu nawonso ankawakonda iwowo. Mu 1987 wina anakawanenera kuti anyoza boma m'kalasi, ndipo apolisi anawatenga choko chili m'manja. Ine Dinah, mlongo wawo wogulitsa kaunjika, ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, wondiuza komwe ali osapezeka.

Anatuluka kundende mu 1993, riferendamu itangodutsa. M'tauni anthu anali kukweza zala ziwiri, kuimba ndi kuvina. Ine ndinali ndi munthu wamkulu m'nyumba mwanga ku Katoto, wowonda ngati bango, wongokhala duu pakona tsiku lonse. Mkazi wawo anali atakwatiwa kale ndi mwamuna wina ku Nkhata Bay. Ntchito ya boma inali itapita. Chomwe chinatsala chosathyoka m'mutu mwawo ndi Chilatinicho basi, ndipo ndinkadziwa kuti akapanda kubwerera m'kalasi, munthuyu atifera tikumuona.

Mwayi unabwera ndi a Amos Mphande, omwe achimwene anawaphunzitsa kalekale. Anali atatsegula kasukulu kawokawo ku Luwinga. "Abwere Lolemba adzaphunzitse kamodzi, tione," anandiuza. "Makolo ena akuchifunabe Chilatini. Zikayenda, ntchito ndi yawo."

Sabata imeneyo m'nyumba munalibe mtendere. Achimwene anandisandutsa mwana wa sukulu, ine ntchembere ya ana anayi!

"Ego ndiye kuti ine, tu iwe. Nos ife, vos inu. Bwereza, Dinah."

Ndinkabwereza uku ndikusita mabulauzi opita nawo kumsika.

"Buku langa, liber meus. Lako, liber tuus. Nanga lathu?"

"Aaa, achimwene, ndisiyeni, makala akuzima musimbimu!"

"Noster, mbuli iwe!" anatero, n'kuphulika kuseka. Chitulukireni ndinali ndisanamve kuseka kwawo. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira.

Lolemba ndinawaveka jekete labwino koposa la m'belo mwanga mwa kaunjika, n'kuwaperekeza. Kumsika sindinapite. Ndinaima panja pawindo la kalasi. Poyamba choko chinathyoka kawiri m'manja mwa achimwene. Kenako mawu aja anabwera, mawu awo akale, aakulu. Analemba mndandanda pabolodi, nayamba kugogoda tebulo, ana akuyankha pamodzi ngati kwaya: "Ego, mei, mihi! Tu, tui, tibi!" Kamtsikana kena kanalakwitsa, iwo anakayang'ana cham'mbali mwanthabwala, kalasi yonse n'kuseka. Ndinati mumtima, yewo Mulungu, munthu wanga wabwerera.

Ndiye chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali a Mphande, kubwera kudzaonerera, nsapato zawo zili gu gu, mulu wa makiyi ukulira m'manja. Ana onse anaimirira, monga amachitira mphunzitsi wamkulu akalowa.

Achimwene ananyonyomala. Pomwepo, kutsogolo kwa bolodi, manja pamutu, maso pansi. Kundende mkaidi saimirira bwana akalowa, amanyonyomala, ndipo thupi lawo linachita zomwe linazolowera asanaganize n'komwe. Mnyamata wina kumbuyo anaseka, ena n'kutsatira. Ankayesa ndi nthabwala inanso ya aphunzitsi atsopano.

"Aphunzitsi, chonde dzukani," anatero a Mphande. "Ndine Amos, mwana wanu."

"Inde bwana," anayankha achimwene. Koma sanadzuke.

Ndinalowa osagogoda. "Mukuseka chiyani, ana opanda mwambo inu? Mukuwadziwa amenewa?" A Mphande anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali, ndipo ndinadziwiratu kuti ntchito ija yapita. Sindinawadandaule. Ndikanawauza chiyani? Ndinalibe womukalipira weniweni, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Ndinagwada pambali pa achimwene, n'kuwagwira mkono kuti ndiwadzutse. Munthu wowonda uja analemera ngati thumba la simenti.

"Achimwene, tiyeni kwathu."

Sanakweze mutu. Anangonong'ona, milomo osaigwedeza kwenikweni.

"Dinah, choka msanga. Angakumenye nawenso."