"Sorry" wa tsiku Lachisanu

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibwezera ku Mkanda, teremu ija ndili sitandade 5. M'mawa tinkayamba tasoka fodya, zala zili bii ndi utomoni, kenako n'kupita kusukulu maso akulemera. Inali nthawi imene aphunzitsi a Chingerezi anabweretsa chigoba cha nkhono chomanga pachingwe. Wolankhula Chichewa pasukulu ankachivala m'khosi mpaka atagwira mnzake. Amene belu lowerukira Lachisanu lamupeza nacho, ankakumba chitsa cha mthethe kuseri kwa zimbudzi.

Kusukulu kunali kutali, koma ine sindinkayenda pansi. Yusufu, mwana wa mwini golosale, ankandikweza pakeliyala ya njinga yake. Poyamba anati ndizimupatsa chimanga chootcha chiwiri. Ndinanenerera mpaka tinagwirizana chimodzi, nachonso ndinkachiluma kaye kumapeto.

Sabata imeneyo tinaphunzira mawu akuti "sorry". Aphunzitsi anati umawanena ukaponda munthu, umawanena munthu akagwa yekha iwe usanamukhudze, umawanenanso ngati sunamve bwino. Ndinawakonda. Mawu amodzi, ntchito zitatu, ndipo potuluka m'kamwa sankakanda pakhosi.

Lachisanu chigoba chinandipeza. Ndinatukwana mbuzi imene inkadya chikuto cha kope langa, ndipo mbuzi sindikanaitukwana m'Chingerezi. Dzuwa linali pamutu, chingwe chikununkha thukuta la kalasi yonse. Aliyense wondiona ankatseka pakamwa. Ndinayang'ana manja anga, matuza okhaokha, n'kuganiza za mizu ya chitsa chija.

Ndinathamangira Yusufu. "Njinga yako! Wina wapita nayo!"

"Mayo ine! Ababa andipha!"

Ndinamuveka chigoba. Njinga inali phee pansi pa mtengo wa mango, pomwe anaisiya.

Ataiona, anatembenukira kwa ine. Ndinati, "Sorry."

Popeza anali atavala kale, Chichewa sichikanamuonjezera mlandu. "Iwe, unene kuti pepa. Ukanena, nkhani yatha."

Belu linali lisanalire. Ndikanati pepa, chigoba chikanabwerera m'khosi mwanga, ndipo tonse tinkadziwa. Ndinayesa kunenerera monga mwa chizolowezi. Ndinalonjeza chimanga chiwiri, chosaluma. Anapukusa mutu. Ndinati "sorry" kachiwiri, mokweza, ngati kuti mawuwo akakula alemera. Kenako belu linalira.

Yusufu anakumba chitsa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinayenda pansi teremu yonse yotsala. Ankandidutsa m'mawa uliwonse, keliyala ili yopanda munthu, fumbi lofiira likundilowa m'mano. Sanandinyoze, sanandiulule kwa aphunzitsi. Ankangoliza belu la njinga kuti ndipatuke.

Nthawi imeneyo ndinkati mnzanga wachita mwano, chifukwa ndinapepesa kawiri, m'chilankhulo cha m'buku. Lero ndimagulitsa zitenje pafupi ndi boda, ndipo "sorry" ndimamugawa tsiku lonse, kwa a ku Chipata ndi a konkuno, "sorry madam, pamenepo sindingatsitse." Mawu amenewa sanandidyerepo kanthu. Yusufu, mwana wa m'golosale, anadziwa zimenezi ine ndisanadziwe. Anatchula mtengo wake kamodzi, ndipo ine, katswiri wonenerera, ndinausiya n'kuyenda wapansi.