Nsambo za Laban Wamanzere

Aliyense amene ankayimba ku Limbe zaka zija za chipani chimodzi, kaya m'mabala, kaya pa maukwati, kaya m'kwaya ya kutchalitchi, anadutsapo m'manja mwa a Gervazio January. Kasitolo kawo kanali kuseri kwa Mmwenye wogulitsa nsalu, kachipinda koti ukatambasula mikono wagwira makoma onse awiri. Ine ndinali telala pakhonde pomwepo, ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa.

Bambo awo a Gervazio anachokera ku Mozambiki wapansi, kudzera ku Nsanje, akodiyoni ili kumsana, ndipo mwana anatengera dzanja la bambo ake. A Gervazio ankagulitsa gitala zingapo, nsambo zake, singano za galamafoni ndi malekodi a rumba, ndipo chilichonse cholira chikathyoka ankachikonza. Oyimba osauka a ku Chinyonga, kumene banjali linkakhala, akabwera ndi banjo yachigubu, a Gervazio ankawasongolera waya wa buleki ya njinga n'kunena kuti, "Pitani, muzikasokosera kwanu." Mwana wawo Beatrice ankayikira anthu lekodi kuti aimve asanagule. Ambiri ankamva mbali zonse ziwiri, kuvina pang'ono, n'kuchoka chimanjamanja. A Gervazio analibe nazo kanthu. Mkazi wawo, a Anastazia, amene ankakhala pakauntala, ndiwo ankatsonya.

Mayi amenewa anali ndi diso. Munthu akalowa sankamuyang'ana nkhope, ankamuyang'ana nsapato. Nsapato zonyezimira pa munthu wosagula kanthu, kwa iwo zinkatanthauza kazitape. Akaona zotero ankauza Beatrice m'Chisena kuti akweze galamafoni, ndipo macheza onse ankathera pomwepo. Ena ankati mayiwo amanyanya. Ine ndinkati ayi, chifukwa masiku amenewo munthu ankasowa ngati singano yagwera mumchenga.

Pamsomali wa pakona panali gitala yosagulitsa. Mwini wake anali Laban, mnzawo wa a Gervazio kuyambira ali ana, wamanzere yekhayo amene ankayimba gitala m'Limbe monse. Wamanzere amagwira gitala motembenuza, choncho nsambo zake zimamangidwa chozondoka: pamene zinzake zili ndi nsambo yowonda, iyo ili ndi yonenepa. Laban anaisiya kuti a Gervazio aimate khosi litang'aluka. Loweruka lake anapita ku ukwati ku Kanjedza, ndipo mowa utamulowa anayambitsa nyimbo ya tambala wokalamba amene amaliralira masana. Anthu anaseka, koma si onse. Patangopita masiku ochepa anabwera anthu a galimoto yosalemba kanthu n'kumutenga, ndipo palibe anafunsa kuti akupita naye kuti.

A Anastazia anati gitalayo iwazidwe ikhale nkhuni, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kusunga katundu wa munthu wotengedwa kunali kudziitanira galimoto yomwe ija. A Gervazio, amene pa zina zonse ankangoti "chabwino, mayi," apa anakana. Anaimata khosi, n'kuibwezera pamsomali, ndipo m'mawa uliwonse akamachuna zogulitsa ankaichunanso iyo. Oyimba ankangoona nsambo n'kudziwa mwini wake. Ankayang'ana kamodzi, kenako n'kuyang'ana kumbali. Zaka zinapita, Beatrice anasiya sukulu, anakwatiwa, anabereka, gitala ili pompo.

Tsiku lina galimoto yoyera inatsitsa mtsikana pafupi ndi khonde langa. Anavala nsapato zazitali zonyezimira, kachikwama kali m'khwapa. Analowa, osayang'ana lekodi ngakhale imodzi.

"Muli ndi gitala ya munthu wamanzere?" anafunsa.

"Zathu zonse n'za anthu a manja awiri," anayankha a Anastazia, ndipo galamafoni inakwera.

Mtsikanayo anaima pang'ono, maso ali pakona paja, n'kutuluka. Sabata yotsatira anabweranso pa galimoto yomweyo. Ulendo uno analunjika kwa a Gervazio n'kulankhula motsitsa mawu.

"Bambo, ine ndine Winnie, mwana wa a Laban. Ndinakulira kwa amayi ku Chikwawa. Bambo anga atuluka kundende, ali kumudzi, miyendo yatupa. Andituma gitala yawo. Akuti inang'aluka khosi."

A Gervazio anasiya chimene ankakonza. Ankadziwa kuti Laban anali ndi mwana ku Chikwawa, koma anali asanamuonepo. Anayang'ana mkazi wawo. A Anastazia ananena m'Chisena, ine ndinkachimva pang'ono, kuti za mwana ndi za khosi munthu amaulula akamapanikizidwa, ndipo mwana wa Laban sangayende pa galimoto yoyera.

"Mayi," anatero a Gervazio kwa mtsikanayo, maso ali pansi, "ine Laban sindimudziwa."

Mtsikana analira. Koma misozi masiku amenewo sinali umboni. Ife tonse tinali titamvapo za anthu amene anakodwa ndi misozi yotero, ndipo ine pamakina panga ndinati mumtima, walira bwino ameneyu, anam'phunzitsa ndani?

Atangochoka, a Anastazia anatseka chitseko dzuwa lili pamutu. "Abambo a Beatrice, sankhani lero, thabwa ili kapena ana anu. Abweranso amenewa, ndipo sadzabwera ndi kachikwama." A Gervazio kuiwaza sanathe. Anachita chimene mmisiri angaganize: anamasula nsambo zonse, anasema kafupa katsopano kokhalapo nsambozo, n'kuzimanga ngati za aliyense. Kenako anaipachika pakati pa zogulitsa. Wina akanabwera kudzafuna gitala ya wamanzere sakanaipeza.

Galimoto imene tinkaiyembekezera sinabwere. Amene anabwera, mwezi usanathe, anali Laban mwini wake, atatsamira paphewa la mtsikana uja. Anali atawonda, mutu uli mbuu, mano akutsogolo palibe. Mtsikanayo anali atavala yunifolomu ya ntchito yam'nyumba ndi patapata. Ankagwira ntchito ku Namiwawa. Nsapato zija anam'patsa adona ake zitawathina, ndipo anazivala kuti akaoneke bwino pamaso pa anzawo a bambo ake. Galimoto yoyera inali ya abwana, dalaivala ankangomutsitsa popita kumsika.

A Gervazio anafuna kugwada, koma Laban anawagwira akuseka.

"Achimwene, munachita bwino. Mwanayu atandiuza kuti mwandikana ndinati eya, Gervazio akadali ndi nzeru. Inenso ndikanam'kana Laban. Pakamwa polankhula ndi mantha sitiwerengera." Anakhala pampando, n'kupuma. "Koma kumene ndinaliko ndinkadziuza kuti kunjaku kuli chinthu chimodzi chimene chikundidikira monga ndinachisiyira. Ili kuti?"

Sanadikire yankho. Anaizindikira ndi chipsera cha pakhosi, anaitsitsa yekha, anaitembenuzira kumanzere n'kuikhazika pantchafu. Chala chake chachikulu chinapita pamwamba kukafuna nsambo yonenepa, n'kupeza yowonda. Inalira kamodzi, kamawu kakang'ono.

"Mwasintha liti?"

Akanatha kunama, koma a Gervazio bodza linali litawathera. "Tsiku limene mwanayu anabwera kachiwiri. Ndibwezera pompano, achimwene, si ntchito yaikulu."

Laban anaimirira pang'onopang'ono n'kuipachika pamene anaitenga. "Musavutike. Iyi ndi ya anthu abwinobwino. Gulitsani."

Anatuluka mwana wake ali pambuyo. Dzuwa lisanalowe a Gervazio anali atabwezera nsambo zonse chozondoka, gitala ili pamsomali wake wakale. Anatumiza mawu, anatumizanso, mpaka anapita okha. Laban ankawalandira bwino, koma nkhani ya gitala ikayamba ankafunsa za mvula. Pambuyo pake anapeza ulonda ku Limbe konkuno. Ankadutsa tsidya lina la msewu, n'kukweza dzanja lamanzere kupereka moni, koma m'sitolo sanalowenso.

Lero kuli anthu amene amati a Gervazio anali amantha. Zimandipsetsa mtima. Olankhulawo ndi omwe aja ankayang'ana kumbali zaka zonse zimene munthuyu ankachuna gitala ya wandende pamaso pa aliyense. Anapirira mpaka Beatrice anabereka, n'kugwa patatsala pang'ono. Komanso Laban sindimuimba mlandu. Mawu okana anawakhululukira mosavuta, koma chala chake n'chimene chinakana.

Laban atamwalira, tinakamuika ku Chikwawa. Patapita masabata angapo Winnie analowa m'sitolo, duku lakuda lili kumutu. Sananene chimene wabwerera. A Gervazio anatsitsa gitala, anaichuna komaliza, n'kumupatsa ndi manja awiri. A Anastazia anatuluka kuseri kwa kauntala n'kumukumbatira, akulira ngati mwana. Koma ine ndinali pakhonde, ndinawaona: pomusiya, misozi ili m'maso, anamuyang'anabe nsapato.