Tsiku Limene Burul Anamvera Mwamuna Wake

Burul anagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'mudzi mwathu, kufupi ndi tauni ya At-Bashy, kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitamera. Sanali dokotala weniweni, koma mabala ankasoka ndi iyeyo, azimayi ankabereketsa ndi iyeyo. Tonse tinkangoti Burul eje, ngati mchemwali wathu wamkulu.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, anamutumiza ku Bishkek, likulu la dziko lathu, kukaphunzira kamakina ka sikani kokwana m'dzanja, kolumikiza ku foni. Anabwerako akumwetulira yekha. Kale munthu akamenyedwa ndi kavalo, iye ankangomusinika pamimba n'kumamuyang'ana nkhope. Tsopano ankapaka mafuta, kuyendetsa kamakinako pansi pa nthiti, n'kuona ngati magazi akutayikira mkati. Koma poti ambiri obwera kudzaunikidwa anali oyembekezera, amuna anakapatsa dzina loti kagalasi ka azimayi.

Mwamuna wake, Toktosun, anali katswiri wa masewera a kok-boru, kulimbirana mbuzi yophedwa ali pamsana pa kavalo. Msinkhu unali utapita, koma munthuyo sankamva. Paukwati wa mwana wa mng'ono wake analowa m'bwalo. Kavalo wake anapunthwa, iye n'kugwa, ndipo kavalo wina anamuponda m'nthiti zakumanzere. Anadzuka, anasasa fumbi, anthu n'kuwomba m'manja.

Burul anamupeza atakhala pakati pa akuluakulu, akumwa mkaka wosasa wa kavalo.

"Bambo a Nurzat, tiyeni kuseri ndikakuoneni. Kamakina ndili nako m'chikwamamu."

"Ine? Ukufuna mawa mudzi wonse uzinena kuti Toktosun ali ndi pakati?"

"Mutiuze ngati ndi wamwamuna, alamu!" anakuwira Burul mng'ono wa Toktosun, mwini ukwati uja. "Tiyambiretu kufuna dzina!"

Kunabuka chiseko. Burul anaima kanthawi atagwira chikwama chake. Mwamunayo ankaoneka bwinobwino, ndipo mutu wa nkhosa unali utangoikidwa patsogolo pake kuti agawire alendo. Kumukoka pamenepo kukanakhala kumuvula ulemu pamaso pa abale ake. Burul anabwerera kwa azimayi kukathira tiyi.

Dzuwa litapendeka, Toktosun anayamba kudandaula phewa lakumanzere. Milomo inayera, thukuta lozizira lili chuchuchu. Anamugoneka pansi, Burul n'kumuunika. Pafoni panaoneka chimzere chakuda chitazungulira kapamba.

"Waonamo chiyani?" anafunsa Toktosun, mawu ali pansipansi.

"Magazi. Kapamba wang'ambika."

"Ndiye bwanji sunandikoke khutu masana aja, mayi iwe?"

Ine ndimakhala nyumba yoyandikana nawo, ndipo galimoto yomwe inali pafupi inali yanga. Tinathamanga kulowera kumzinda wa Naryn, kumene kuli madokotala a opaleshoni, Burul atagwada kumbuyo, botolo la diripi lili m'mwamba. Njira yonse ankamukalipira mwamunayo kuti asagone. Anatisiya tikulowa mumzinda.

Pachipatala Burul anafunsa dokotala ngati munthu wake akanachira tikanabwera masana. Dokotalayo anangoyang'ana pansi.

Burul sanapumenso pantchito chaka chimenecho monga ankafunira. Anapitiriza zaka zingapo, koma anasiya kupempha. Wogwa pakavalo aliyense, kaya ndi mkulu kaya ndi mkwati, ankangomuuza kuti, "Gona apa, vula malaya." Mbusa wina wa nkhosa, Kubanych, atayamba zanthabwala, anamenyedwa khofi ndi Burul pamaso pa ana ake. Burul anamupeza ndi magazi m'mimba, anamutumiza msanga, ndipo ali moyo mpaka lero. Chaka chilichonse Kubanych ankabwera ndi nkhosa yothokoza. Burul ankailandira mwaulemu, kenako n'kukhala masiku osayankhula bwino ndi munthu.

Maso atayamba kuvuta, kamakina anakasiyira namwino watsopano, n'kupita kwa mwana wake Nurzat ku Bishkek. Akuti amakhala m'chipinda cham'mwamba, satsika kawirikawiri chifukwa cha mawondo. Nyumba yawo kuno ndi yotseka. Nyengo yozizira ndimakwera padenga lake kukakankha chipale chofewa chimene chimaunjikana pamenepo kuti lisagwe.