Kafula wa ku Mtendere

Lero mwana wanga wabwera ndi buku lakale la pamsika. Fungo lake la chinyontho landikumbutsa kale.

Ndili mwana ku komboni ya Mtendere, mlongo wanga wamkulu anali ndi buku lonunkha chimodzimodzi, lopanda chikuto. M'menemo ndimo ankatengamo mitundu ya anthu a m'masewera athu a dayisi: amakutu osongoka, zimphona, ndi ena afupiafupi osula zitsulo pansi pa mapiri. Aliyense ankasankha mtundu wake. Afupiafupiwo iye anawatcha akafula, n'kuwapatsa lamulo la kwathu kum'mawa: kafula akakufunsa kuti wamuonera pati, uyankhe kuti patali. Ukati pafupi, wamunyoza, ndipo wafa.

Tsiku lina dayisi inagubuduka n'kulowa pansi pa chitseko cha neba wathu wowotcherera zitsulo, bambo wamfupi msinkhu ngati wanga.

"Waponya ndiwe, yenda ukatenge," anatero mlongo wanga. "Uja ni kafula wazoona. Usalakwise."

Ndinapita. Ndinagwada pakhomopo, n'kupisa chala pansi pa chitseko. Chinatseguka. Fungo la chitsulo chopsa linandiwomba kumaso. Bamboyo anali chiimire, nyundo kudzanja lina, dayisi yathu kudzanja lina.

"Iwe mwana, ufuna chani?"

"Patali," ndinanong'ona.

"Ati bwanji?"

Bamboyo anasendera, mphuno yake kutsala pang'ono kukhudza yanga, nyundo ikadali m'manja.

"Patali, ba neba. Nakuonelani patali maningi."