Nzama Zimene Ndinaba kwa Apongozi

Apongozi anga anali ndi nzama zawozawo, ndipo kuzungulira Chalimbana yense panalibe wina amene anali nazo. Zinali zofiira, zonenepa, za kadiso koyera, ndipo zinkapsa nkhuni zisanathe pamoto. Sanazigule m'sitolo ayi. Kuyambira utsikana wawo ankasankha okha chaka ndi chaka, kutaya zakuda, kutaya zonyozoloka, kusunga za pa mapando obereka kwambiri, mpaka mbewuyo inakhala momwe mtima wawo unkafunira. Ukawafunsa dzina lake ankangoti, "Ni zanga."

Nditangokwatiwa ndinapemphako mbewu. Anandipatsa kapu yodzaza, akumwetulira. Ndinabzala, ndinadikira, ndinapalira dothi lopanda kanthu milungu itatu yathunthu. Iwo anabwera kudzaona, nagwedeza mutu mwachisoni. "Manja yako ni yotentha, mwanangu," anatero. Ine, chitsiru, ndinapepesa!

Sindinali ndekha. Amayi a kutchalitchi ankapempha, ndipo apongozi, poti ndi munthu wopemphera, sankamana aliyense. Koma kwa onsewo sikunamere ngakhale imodzi. Ena ankati ndi nthaka, ena ankanong'ona kuti pali mankhwala.

Tsiku lina mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amene amagwira ntchito pa famu yoyesera mbewu, anatifotokozera pakhonde kuti kuli lamulo loteteza anthu otulukira mbewu zatsopano. Ukalembetsa mbewu yako kuboma, wina sangaichulukitse n'kumagulitsa iwe usanalole. Apongozi anatchera khutu.

"Ndiye mawa ukanitengere pepalalo," anatero.

Mlamu anakanda mutu. Anati si zapafupi. Akatswiri amayamba aibzala okha, aone ngati ndi yosiyanadi ndi zina, ngati zonse zimatuluka zofanana, ngati sizisinthasintha. Pali mafomu, pali maulendo a ku Lusaka. "Ndipo muyenera kuwapatsako mbewu, amama."

"Niwapase nzama zanga? Zaziwisi? Iyayi, siya. Lamulo langa nili nalo kale kukhitchini."

Mawu akuti zaziwisi aja anandikhala pamtima. Patapita masiku ndinabwerako msanga kuchigayo, ndipo ndinawapeza kuseri kwa khitchini akuviika nzama m'madzi obwadamuka, n'kumaziyanika pamphasa kuti ziumenso. Zikauma sungazisiyanitse ndi mbewu yeniyeni. Tinayang'anana.

"Waona chani?"

"Palibe, amama."

"Wachita bwino."

Ndinapsa mtima, osati pang'ono. Milungu itatu ndikupalira ndiwo zophikaphika! Basi ndinalumbira kuti nzamazi ndidzabzala, afune asafune.

Mpata unapezeka nthawi yosenda. Apongozi ankakhala moyang'anizana nane, maso ali pa manja anga, ndipo ndikamanyamuka ankandiuza mwachikondi kuti ndikutumule chitenje, kuopa nyerere. Koma ndinali ndi khanda la chisoti chaubweya. Ndinalitsitsa kumbuyo kuti liyamwe, ndipo dzanja losisita mutu wa mwana linkapita lodzaza n'kubwerako lopanda kanthu. Mwana wanga anachoka pamenepo mutu uli mabampumabampu, koma sanalire. Mwana wabwino kwambiri ameneyu.

Ndinakazibzala kwa amayi anga ku Palabana, pakati pa chimanga. Zinamera zonse, manja otentha omwewa! Koma kuba kuli ndi mavuto ake. Kuphika kwanga sindikanatha, chifukwa amuna anga nzama za amayi awo amazidziwa ndipo pakamwa pawo sipagona nkhani. Kugulitsa, ndiye kudziyalutsa. Choncho amayi anga ankadya, ine n'kumangothira mbewu yatsopano m'chigubu cha mafuta, kusakaniza ndi phulusa, chaka ndi chaka. Ndinali mbala yosalawa n'komwe zimene inaba.

Kenaka chinafika chaka chija mvula inatithawa. Apongozi anabzala ndi mvula yoyamba, dzuwa linaotcha. Itawazanso pang'ono anabzala zotsala zonse, mpaka za m'kachitini kamene ankabisa pansi pa bedi. Zinapsanso. Kwa amayi ku Palabana nakonso munda unauma, koma chigubu changa chinali chikadali theka.

Chimene chinandipweteka n'chakuti apongozi anayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi a kutchalitchi aja, kufunsa ngati wina anasungako mbewu imene anamupatsa. Tangoganizani! Onse ankayankha mofanana: "Zija sizinamere, amama." Iwo n'kubwerako mwakachetechete. Anayamba kuwonda. Tsiku lina ndinawapeza atakhala padzuwa, kachitini kopanda kanthu kali pamiyendo.

"Zaka zonse zija," anatero osandiyang'ana. "Nazipha neka."

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Koma mantha nawonso anali pomwepo. Kutulutsa chigubu kunali kuvomera kuti mpongozi wawo ndi wakuba, ndipo mayi amenewa ankatha kukukumbutsa mbale imene unaswa ukadali mtengwa. Ndinalimbana nazo mlungu wonse. Mitambo ya dzinja lotsatira itayamba kusonkhana ndinakwera minibasi ya ku Palabana, n'kubwera nacho chigubu chija. Ndinagwada, n'kuchiika patsogolo pawo.

Anatsegula, anathira pang'ono m'dzanja, anauzira phulusa. Kadiso koyera kanaonekera.

"Chisoti cha mwana," anatero. "N'nadabwa tsiku lija kuti mdzukulu wanga mutu wachita bwanji."

Ndinadikira mkuntho. M'malo mwake anandiyang'ana ndi diso lakuthwa. "Sunawiritse?"

"Ine, amama? N'naphunzira kuti zimenezo?"

Sanandikhulupirire. Anatenga khumi, anazikulunga m'kansanza konyowa, n'kuziika pafupi ndi mtsuko. Masiku amenewo sankandilankhula bwino, komanso sankandikalipira. Mlungu usanathe ndinamva akundiitana mofuula ngati nyumba yapsa. Ndinathamanga. Anali atatambasula kansanza kaja, timizu toyera tatuluka, ndipo ankalira osabisa nkhope. Inenso ndinalira, bodza n'loipa.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, nzama zinabereka. Tsiku losenda sanandiuze kuti ndikutumule chitenje. Titamaliza anatapa okha mbale yodzaza, n'kundimangira pa nsonga ya chitenjecho.

"Izi ukasunge kwako," anatero. "Osati zakuba. Nakupasa ine."

Ndinawomba m'manja, ndinathokoza ndi mtima wonse. Koma apongozi anga ndimawadziwa. Nditafika kunyumba ndinatengako khumi, n'kuzikulunga m'kansanza konyowa.

Zinamera zonse.